Matabwa a Chipilala Chachitatu

Loweruka lapitali tinakasesa pamanda pa amalume anga, a Fakisoni Kalitera, poti chaka chakwana chimwalirireni. Anthu sanabwere ambiri, ndipo sindikuwada nazo. Amalume anali munthu wovuta kumukonda. Ngakhale ine amene ndinakulira m'manja mwawo, masiku ena ndinkalambalala ndikawaona akubwera ndi kachikwama kawo ka zipangizo, podziwa kuti akandipeza ayamba za chipilala.

Kwathu kuno, kumunsi kwa Domasi Mishoni, ukangoti "chipilala" aliyense amadziwa chimene ukunena. Tchalitchi chathu cha m'mudzi chili ndi khonde lalikulu kutsogolo, denga lake la konkire, lokhala pa zipilala zisanu ndi chimodzi. Pakhondepo ndi pamene ana a Sande sukulu amaphunzirira Lamulungu, ndipo mkati mwa sabata pamakhala ana a mkombaphala. Chipilala chachitatu kuchokera kumanzere ndicho amalume analimbana nacho zaka khumi ndi zinayi. Ankafuna chigumulidwe, chiumbidwenso, chisanagwere ana. Anamwalira chikadali chiimire.

Anali aatali, owonda, khosi lopendekera kumanja chifukwa chozolowera kuyang'ana makoma ndi diso limodzi. Akafika pakhomo pa munthu sankayamba ndi moni. Ankaima kaye pabwalo, kutsinzina diso lamanzere, kuyang'ana nsanamira za pakhonde imodzi imodzi, kenako ndiye n'kuodira. M'thumba la jekete munkakhala chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, choyezera ngati chinthu chaima chilili, ndipo anachitulutsapo ngakhale pa chinkhoswe cha mwana wa eni. Ena ankaseka, ena ankakwiya mpaka kuwamana mpando. Iwo analibe nazo ntchito. Ankati nsanamira yopendekeka ili ngati mayi wosenza mtolo khosi litapindika, ayendako ndithu koma safika kumudzi.

Sukulu sanapite nayo patali. Umisiri anauphunzira akukandira matope amisiri akale a ku mishoni. Koma za nsanamira ankazifotokoza moti ngakhale ine, amene ntchito yanga ndi mpunga ndi makina osokera, ndimazidziwabe mpaka lero. Ankathyola phesi louma la chimanga, lalitali, n'kuliimika pansi, n'kukuuza kuti ukanikize pamwamba ndi chikhatho. Phesilo linkapinda pakati n'kuthyoka usanatuluke ndi thukuta lomwe. Kenako ankadula kachidutswa kafupi ngati chala, n'kuti ukanikizenso. Kameneko sikankapinda, mpaka ukaponde ndi chidendene ndiye kankatswanyika. Apo ankati waona imfa ziwiri za nsanamira. Yaitali yowonda imafa mopinda, yaifupi yonenepa imafa mophwanyika, ndipo katundu akakhala pambali osati pakati pa mutu wake, imfa zonse ziwirizo zimabwera msanga.

Imfa yoyambayo ndinaionapo ndi maso anga. Pasukulu ina kuno kuchigwa anatalikitsa miyendo ya nsanja ya thanki kuti madzi azifika kunyumba za aphunzitsi kumtunda. Amalume podutsa anawauza kuti miyendo yaitali chotero imafuna zitsulo zopingasa zoigwirizanitsa. Anawayankha kuti sanawaitane. Tsiku limene thanki inadzaza koyamba, miyendo iwiri inagwada ngati mbuzi yomwa madzi, ndipo thankiyo inakaphulikira m'dimba la sukulu. Mwamwayi anali masiku a tchuthi. Amalume sananyade nazo, anangopita kukatola chitsulo chimodzi chopindika n'kukachipachika pakhonde pawo.

Pomanga tchalitchi chathu, ife azimayi a Mvano ndiye tinkasenza mchenga kuchokera kumtsinje, mtunda wotopetsa, dzuwa lili pamutu. Ukafika n'kutula, amalume ankatapako pang'ono n'kuthira m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kuliimika pamwala. Likadikha, matope ankaoneka pamwamba pa mchenga. Akachuluka, ankakana mulu wonse.

"Uwu mukadzalemo mpunga, amayi. Ine ndikufuna wa pakati pa mtsinje, wolira ukaufinya."

Tinkabwerera, nyimbo ya Mulungu ili pakamwa, mwano uli mumtima.

Anyamata osakaniza konkire ankakonda kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke. Amalume akawapeza ankataya wilibala yonse. Ankati konkire yamadzimadzi ndi phala la wodwala, madziwo akachoka amasiya timabowo tosaoneka ndi maso. Ankafuna yolimba, yothira pang'onopang'ono n'kumaisinja ndi chitsulo kuti isasiye mphako. Zitsulo zinayi zoimirira ankazimanga ndi maringi, timalamba ta chitsulo tozungulira, motalikirana chikhatho chimodzi, ndipo kumutu ndi kutsinde ankawathinanitsa. Ankati chitsulo choimirira chikalemedwa chimafuna kuthawira kunja, ndiye ringi amachigwira m'chiuno. Konkire yokuta chitsulo isachepere zala ziwiri, apo ayi chinyezi chilowa, dzimbiri litupa, ling'amba chipilala kuchokera mkati. Koma chachikulu pa zonse chinali kumwetsa. Matabwa oumbira ankawasiya masiku atatu osawagwedeza. Akawachotsa, ankakulunga chipilalacho masaka n'kumachithirira m'mawa, masana ndi madzulo kwa masabata awiri. Ankati anthu amaganiza kuti konkire imalimba ikauma, pamene imalimba ikamamwa.

Amene abwera kuno zaka zaposachedwa, monga aphunzitsi a ku koleji ochita lendi m'mudzi muno, sanawadziwe amalume amenewo. Iwo anadziwa nkhalamba yovuta yokhala pa kampando kunja kwa tchalitchi, yosalowa mkati ngakhale mvula ikugwa, yomvera ulaliki pawindo. Kampandoko ankakaika pafupi ndi chipilala chachitatu. Mwana akangoyandikira, ndodo inali itatambasuka kale.

"Aphunzitsi, ana awa asunthireni uko."

"Koma agogo, ukotu kuli dzuwa."

"Dzuwa silinaphwanyepo mutu wa mwana. Asunthireni."

Ana ankawaopa, makolo ankadandaula kwa akulu a mpingo. Mbali zonse ziwiri za chipilalacho amalume anaimikako mitengo iwiri ya bulugamu yochirikiza denga, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ndi hamala kudzakhoma timatabwa tosongoka kunsi kwake kuti igwire zolimba. Pakakhala ukwati, akomiti yokongoletsa ankaichotsa poti inkaipitsa zithunzi. Lolemba m'mawa amalume ankaifunafuna kuseri kwa tchalitchi n'kuiimikanso okha, akubuula. Pa pulasitala ya chipilala panali mng'alu wopyapyala wotsika mopendekera, ndipo mwezi ukatha ankalemba kamzere ka pensulo pamene wafika. Ambiri ankati ndi ukalamba. Ena ankati ndi nsanje, poti denga analimaliza ndi mmisiri wina. Ndi ochepa amene akukumbukira chiyambi chake, ndipo mwa ochepawo ambiri safuna kuchikamba. Ine ndichikamba chifukwa chinayambira pa maliro a mayi anga.

Mayi anga, a Esinala, anali mlongo wawo yekhayo wa amalume. Munali mu Okutobala, kutentha kwa mtundu uja kumene phiri la Zomba limaoneka lotuwa ngati lathiridwa phulusa. Matabwa abwino oumbira zipilala analipo anayi okha, ndiye amalume ankaumba chimodzi chimodzi, kusamutsa matabwa omwewo. Chachitatu chinali chomaliza poti chinali panjira ya mawilibala. Anachithira konkire Lachinayi m'mawa, ndipo madzi osakanizira anatunga ndi mayi anga pamodzi ndi anzawo. Masana atafika kunyumba anati mutu ukuwawa, anagona pamkeka pansi pa mango, osadzukanso.

Ndi kutentha kumene kuja, thupi silikanadikira. Mpalamatabwa wa m'mudzi anali ndi matabwa ochepa, okwana pansi ndi chivundikiro, am'mbali panalibe. Dzuwa litapendeka, a Likoswe, mkulu wa adzukulu okumba manda, anabwera pasiwa pamodzi ndi a Mwachande, mkulu wa mpingo amene ankatsogolera komiti yomanga. Anakhala pansi patsogolo pa amalume. Ine ndinali pakhomo, ndinamva zonse.

"A Kalitera, pepani ndithu," anatero a Likoswe. "Tazungulira mudzi wonse, matabwa ouma palibe. Atsala ndi aja ali kutchalitchi aja."

Amalume anati, "Konkire ija ndathira m'mawa womwewu. Ikadali mwana."

"Bambo," anatero a Mwachande mofatsa, "mayi ameneyu wasenzera tchalitchi chimenechi mchenga mpaka tsitsi kuthothoka paliwombo. Lero tchalitchi chimukanize matabwa anayi? Anthu atimva bwanji?"

Amuna onse anali atawayang'ana. Mkati azimayi ankalira. Amalume anaweramitsa mutu, n'kungokweza dzanja. Sananene kuti inde, sananenenso kuti iyayi, koma dzanja limene lija analilira moyo wawo wonse. Mwini mbumba sachoka pamaliro a mlongo wake, ndiye kutchalitchi anapita adzukulu okha. Iwo ndi anthu a khasu ndi piki. Anakankha mitengo yogwira chipilala, anakanula matabwa ndi chitsulo, chipilala chikugwedezeka, ndipo ngodya imodzi inanyotsoka mpaka chitsulo kuonekera. Sanachite mwadala. Ankathamangira dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake, mwambo usanayambe, ndinaona amalume akutunga madzi mumgolo wa pasiwa. Ananyamula ndowa n'kulunjika njira ya kutchalitchi. Kwathu kuno maliro akagwa khasu siligwiridwa, ntchito iliyonse imaima, koma nkhani sinali imeneyo yokha. Mayi wina wachikulire, amene sindimutchula poti naye anatsogola, analankhula mokweza mwadala kuti onse amve.

"Madzi a pasiwa akupita nawo kuti? Ndiye mmene zimalimbira nyumba zawo zija eti?"

Mawu amenewo anayenda pabwalo ngati moto wa lupsa. Munthu womwalira mwadzidzidzi, mlongo wake mmisiri wotchuka, matabwa a chipilala ali pa bokosi, ndiye pano madzi a pamaliro akupita kuchipilala komweko. A Likoswe anawathamangira n'kuwagwira mkono.

"A Kalitera, tulani ndowayo. Mudziyalutsa."

"Sindikukagwira ntchito ine. Ndikukangochimwetsa."

"Tulani, bambo. Anthu akuona."

Anatula. Ndowayo inakhala panjirapo tsiku lonse, palibe analimba mtima kuikhudza, mpaka mbuzi zinaigubuduza. Chipilala chinakhala chamaliseche padzuwa la Okutobala masiku anayi, osalawa ngakhale dontho. Ine ndinamva chisoni ndi amalume tsiku limenelo, koma ndivomere kuti mawu a mayi uja anandilowa nanenso pang'ono, ndipo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Titasesa, anapita kukachiona. Zinzake zisanu zinali zakuda bii, ukazigogoda ndi hamala zinkalira ngati belu. Chachitatu chinali chotuwa, ukachikanda ndi chikhadabo chinkatuluka fumbi, ukachigogoda chinkangoti phu. Madzulo a tsiku lomwelo anakauza komiti kuti chigumulidwe.

Koma pamasiku anayi amenewo panali patachitika zina. Azimayi a Mvano anali atagwirizana kuti chipilala chimenechi, poti chinapereka matabwa ake kwa mnzawo, chikhale chikumbutso cha a Esinala, dzina lawo lilembedwepo. Anthu anaikonda nkhaniyo, abusa anaitchula paguwa. Ndiye amalume atati chigumulidwe, a Mwachande anawatsutsa pamsonkhano pomwepo.

"Chipilala chaima bwinobwino ichi," anatero a Mwachande. "Pongonyotsoka pangodya, timata. Mutu umodzi susenza denga, a Kalitera. Tonse pano taona kuti chili bwino."

"Denga silisenzedwa ndi mitu yanuyo," anayankha amalume. "Lisenzedwa ndi icho. Ndipo chakufa kale."

Apa ndi pamene ine ndinaimirira. Palibe anandituma. Ndinali ndi masiku ochepa chiikireni mayi anga, maso otupa, ndipo ndinalankhula ndikulira.

"Amalume, mwawakwirira dzana lomweli, lero mukufunanso kuwagumula?"

Anandiyang'ana, khosi lawo lopendekera lija. Anatola chipewa n'kutuluka. Mawa lake anakatenga zipangizo zawo zonse pamalopo, n'kunena kuti dzanja lawo silidzaika denga pa chipilala chimenecho. Komiti inaitana mmisiri wina wa ku Naisi, munthu waulemu, wosakangana ndi omulemba. Iye anamata pangodya paja, anapaka pulasitala yosalala, analemba dzina la mayi anga ndi msomali pulasitalayo isanaume, n'kuthira denga. Patapita zaka zingapo mpingo unapeza pampu ya dzuwa, ndipo thanki ya madzi anaikhazika padenga la khonde, pamwamba penipeni pa chipilala chachitatu, osati pakati pake koma chakumphepete, poti ndi kumene paipi inkafika mosavuta. Amalume anapita kwa abusa katatu kukapempha kuti ngati chipilala akuchikonda chotero, achotseko thanki yokhayo. Anawauza kuti nkhaniyo ikambidwa.

Mkangano waukulu unabwera chaka chimene mng'alu unayamba kutuluka madzi a dzimbiri. Lamulungu lina anthu akutuluka m'mapemphero, amalume anatulutsa hamala m'jekete n'kumenya pulasitala kawiri. Chibanthu chachikulu chinagwa pansi, ndipo pamodzi nacho panagwa theka la dzina la mayi anga. Mkati munaoneka konkire yofumbutuka ngati chigumu, ndi chitsulo chofiira chotupa, chitayamba kukhotera kunja pakati pa maringi awiri.

"Bwerani muone! Musaone ine, onani ichi!"

Anthu anaona dzina lothyoka, chitsulo sanachione. Azimayi anakuwa, achinyamata anawalanda hamala. Akulu a mpingo anawaimitsa mgonero, ndipo sabata yomweyo pulasitala yatsopano inapakidwa, dzina n'kulembedwanso ndi utoto wabuluu. Amalume ankati kumata mng'alu wa chipilala kuli ngati kuvalira chilonda thalauza, ntchentche sizichiona koma mwendo ukuwola. Nthawi ya chilango chawo itatha sanalowenso mkati. Kampando kaja kanayambira pamenepo.

Anthu ankakonda kuwafunsa mwachipongwe kuti nanga bwanji sichikugwa, zaka zonsezi. Ankayankha kuti chipilala sichigwa tsiku limene walakwira, chimasunga mlandu, chimadikira tsiku limene thanki yadzaza, mvula yanyowetsa denga, ndipo pansi pake pali anthu. Ankati zinzake ziwiri za m'mbali zikuchisenzera katundu mwakachetechete, koma nazonso zili ndi polekezera. Ankanenanso mmene ntchitoyo iyenera kuyendera, mobwerezabwereza mpaka ndinaloweza. Kukhuthula thanki n'kuitsitsa, kuchirikiza denga ndi mitengo yolimba mbali zonse, kugumula chipilala mpaka kutsinde, kuika zitsulo zatsopano, kuumba, kumwetsa masabata awiri, ndipo mitengo yochirikiza isachoke mwezi usanathe. Ankati ndi ntchito yochepa kuposa kukumba manda a ana atatu.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo poti anamwalira. Anali aukali, osadziwa kupepesa, ndipo akanakhala ndi lilime lofewa mwina akanawagonjetsa a Mwachande kalekale. Akazi awo, malemu azakhali, ankati anakwatiwa ndi munthu mmodzi koma amagona ndi awiri, mwamuna ndi chipilala. Ana awo aamuna awiri anathawira ku Blantyre osafuna kumva za simenti. Koma ine ndi amalume tinabwererana pang'onopang'ono. Tsiku lina ananditenga dzanja n'kundigunditsa chala pa mng'alu, ndipo ndinamva mchenga ukuyoyoka mkati. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti akunena zoona. Kudziwa ndinadziwa, koma pamsonkhano sindinaimirirepo kubweza mawu anga aja. Ndinkaopa kuti anena kuti mwana wagulitsa dzina la mayi ake.

M'chipinda mwawo, pamitanda ya kudenga, munali matabwa anayi a mkungudza, opalidwa bwino, opakidwa mafuta. Anakawasankha okha kwa ocheka matabwa m'munsi mwa phiri, chaka chomwe anachoka pantchito ya tchalitchi. Pakhoma panali msomali wopachikapo maringi opindapinda kale. Aliyense wolowa m'chipindamo ankati nkhalamba yakonzeratu bokosi lake, ndipo iwo sankatsutsa, mwina atatopa n'kutsutsa.

Atadwala komaliza, chifuwa chitawagwira, ndinkawaphikira ndine. Masana ena ndikuwamwetsa phala anandilozera kudenga ndi maso.

"Asikana, mwawaona matabwa awo?"

"Ndawaona, amalume."

"Si anga amenewo. Ndi a chipilala. Ndinachilanda anayi, ndiyenera kuchibwezera anayi. Ine mudzandikulunge mumphasa, sindidzadandaula. Mwamva?"

"Ndamva, amalume."

"Musangoti ndamva. Pajatu inu mumadziwa kuimirira pamsonkhano."

Anaseka pang'ono mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba ndi komaliza kutchula zimene ndinanena tsiku lija, patapita zaka zonsezo. Ndinalonjeza ndikulira.

Anamwalira patatha masiku asanu, m'mawa. Ana awo anafika masana kuchokera ku Blantyre. Ine ndinali m'nyumba ndi azimayi, pafupi ndi thupi, pamene ndinamva phokoso kuchipinda. Anali a Likoswe, okalamba tsopano, akulozera adzukulu mmene atsitsire matabwa. Mwana wamkulu wa amalume anali ataima pomwepo akuti bambo anakonzeratu zonse, tilemekeze chifuniro chawo, bokosi logula sangalikonde. Azimayi anayamba kuyamikira kuti koma ndiye munthu anadziwiratu ulendo wake.

Ndinadzuka n'kukaima pakhomo la chipinda.

"Matabwa amenewo si a bokosi. Anandiuza okha. Ndi a chipilala."

Onse anatembenuka. Mwana wawo uja anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Achemwali, ngakhale lero? Bambo avutika nacho chipilala chimenechi moyo wawo wonse, atukwanidwa nacho, ndiye mukufuna tiwaike mumphasa ngati alibe ana?"

A Likoswe ananena motsitsa mawu kuti, "Mayi, khalani pansi. Anthu akumva."

Anali mawu omwe aja anawatulitsa ndowa amalume. Ndinawazindikira bwinobwino, ndinadziwa chimene chikuchitika, ndipo ndinakhalabe pansi. Ndinamva sowo ikulira kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kulowa. Bokosi linatuluka lokongola, lonunkhira mkungudza, anthu ankalisisita polowa kudzaona nkhope. Pamwambo a Mwachande analankhula bwino kwambiri, anati mpingo wataya mmisiri amene manja ake adzakumbukiridwa malinga tchalitchi chili chiimire. Ponyamula bokosi kutuluka nalo m'tchalitchi, anadutsa nalo pafupi ndi chipilala chachitatu, anthu atadzaza khonde lonse.

Mitengo ya bulugamu ija inachotsedwa patatha mwezi, pa ukwati wa mwana wa msungichuma wa mpingo, ndipo Lolemba lake panalibe woifunafuna. Nditakaifunsa anandiuza kuti inaphikira alendo. Ndalankhulapo kawiri ku Mvano, kamodzi kwa abusa atsopano. Amandimvera mwaulemu, amati nkhaniyo ikambidwa, ndipo ndikatembenuka ndimamva wina akunong'ona kuti matenda aja ndi a kumtundu.

Loweruka lija titachoka kumanda, ndinadzera kutchalitchi ndekha. Pamene pankakhala kampando kawo pakadali timaenje tinayi pa simenti, pamene miyendo yake inadya pansi. Kudenga kukuoneka zipsera ziwiri zozungulira pamene mitengo inkagunda. Timizere ta pensulo tikadalipo, totsika motsatana ngati makwerero, ndipo kotsiriza ndi kokhota chifukwa dzanja linali litayamba kunjenjemera. Mng'alu wapitirira kamzere kameneko ndi chikhatho changa chonse, wadutsa pakati pa dzina la mayi anga. Pamwamba thanki inali yodzaza, ikudontha.

Lolemba ndinapitanso nthawi ya mkombaphala. Pamalo pa amalume, pamene kwa zaka zonse zija sipankayandikira mwana, tsopano ndi pamene ana amalimbirana, poti pali mthunzi wabwino ndipo palibe ndodo. Atsikana atatu anali atatsamira chipilalacho akusewera phada. Nditayang'anitsitsa miyala yawo, ndinaona kuti mbali imodzi ndi yosalala, yopakidwa utoto wabuluu. Ndinafunsa kumene aitola. Mmodzi analowetsa kadzanja kake mumng'alu, anakokamo kachidutswa kena mosavuta, n'kundipatsa.